Nthunzi ya a Romano

A Romano amanyamula mbatatesi pa njinga kuchokera ku minda ya ku Fonte Boa kupita ku msika wa ku Ulongwe. Ayamba kale ntchitoyi, ndipo mphepo ya mu Juni pamodzi ndi fumbi la mumsewu zinawasiya otuwa mbuu, miyendo ngati agona paphulusa. Iwo analibe nazo ntchito. Ankati khungu si munda woti munthu n'kumathirira.

Zinasintha atayamba kufunsira a Laurinda, mayi wamasiye woimba kwaya ku mishoni. Mayiyu anavomera, koma anaika lamulo limodzi: mowa ayi. Malemu amuna awo anali chidakwa, ndipo mavuto amenewo sankafuna kuwabwerezanso. A Romano anausiyadi mowawo, ife anzawo mpaka kudabwa.

Litayandikira tsiku lokaonekera kwa a Damião, malume a mkaziyo, bambo aja anayamba kuchita manyazi ndi kutuwa kuja. Mwana wawo Vânia, amene amagwira ntchito ku Tete, anawauza pa foni kuti kumeneko anthu olemera amakhala m'kachipinda ka nthunzi mpaka thukuta kamukamu, khungu n'kusalala. A Romano anati zimenezo n'kufukiza basi, si zachilendo. Zoti ukatuluka umayenera kusamba ndi kudzola mafuta sanazimve, anali atadula kale foni.

M'mawa wa tsikulo anathyola masamba a bulugamu ndi a mandimu. Mphika wawo unachepa, choncho anakabwereka mgolo kwa a Florinda, oyandikana nawo nyumba. Mudzi wonse umadziwa kuti mgolo umenewo ndi wotchezera kachasu, koma munthu akakhala pachikondi mphuno imagona. Anawiritsa madzi, anadzifunditsa mabulangete awiri, n'kukhala m'menemo mpaka chizungulire. Nthawi itawathera anangovala jekete n'kukwera njinga.

Anafika kwa a Damião maso ali psuu, akudzandira, fungo la kachasu lili patsogolo. Mphepo ya panjira inali itaumitsa thukuta lija, ndipo anali otuwa kuposa dzulo lake. Ine ndinawaperekeza, ndipo kunena zoona ndinkafuna kubwerera.

"Ndiye amene anasiya mowa aja ndi amenewa?" anafunsa a Damião. "Laurinda, mwana wa mlongo wanga, ukufuna kulira kawiri?"

A Romano anayesa kufotokoza za ku Tete, za mgolo, za mabulangete. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, iwo misozi ili lengelenge. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

A Laurinda sanaseke. Anadzuka pamphasa, n'kukagwada pafupi ndi a Romano.

"Malume, ine ndakhala ndi chidakwa zaka zambiri. Mowa umanunkha m'kamwa, osati kumsana. A Romano, tandiuzirani mpweya."

Bambo wamkulu ndithu anauzira, pamaso pa anthu onse. Mayi uja ananunkhiza, kenako ananunkhizanso kolala ya jekete.

"Sanamwe awa. Yaledzera ndi jeketeyi."

A Damião anakhosomola, n'kuuza ana kuti abweretse mipando ina. Koma a Laurinda anali asanamalize. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kabotolo ka mafuta odzola, n'kuwapatsa a Romano m'manja.

"Mgolowo mukabweze lero lomwe. Kutuwaku ndinakuona kalekale, tsiku lomwe munandifunsira, ndipo ndinavomera muli choncho."