Masamba Otsiriza a Buku la Ataliyana

Ndikukumbukira chilimwe china, patapita zaka zochepa chibwerereni kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, pamene banja lina la Ataliyana linadzakhala nafe pansi pa mtengo wa mango kwathu kufupi ndi Entre Lagos. Linabwera m'buku. Anandibwereka ndi a Jaime, apulofesolo athu, aphunzitsi a Chipwitikizi. Linali buku lopanda chikuto, lonunkha chinyontho, ndipo chiswe chinali chitalawako m'mphepete. Anati ndiliwerenge kuti lilime langa liwongoke, poti Chipwitikizi changa chinkatsimphinabe.

Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamphasa, amayi akusenda chinangwa choti ayanike makaka. Ndinkawerenga tsamba limodzi chamumtima kenako n'kuwafotokozera m'Chinyanja, ndipo pomwe mawu andikanika ndinkathirapo zanga. Nkhani yake inali ya mmisiri wina womanga nyumba, mkazi wake ndi ana atatu, amene njala inawachotsa kumudzi kwawo ku Italiya n'kukwera chombo kuwoloka nyanja yamchere. Dziko la Italiya sindinkalidziwa, choncho ndinalimanga ndekha m'mutu. Mapiri ake anali aja amaoneka patali m'mawa kukagwa nkhungu kunyanja ya Chiuta, ndipo chombo chawo chinali bwato lalikulu lopalasidwa ndi amuna ambirimbiri. Kamphepo kakawomba, fungo la chinangwa chosendedwa kumene linkasakanikirana ndi la mapepala akale, mpaka ndinkaiwala kuti ndili tsidya liti la nyanjayo.

Amayi sankamvera nkhaniyo pongotayitsa nthawi. Achimwene anga a Saidi anatsala ku Malawi ife tikubwerera, akuti amalize kaye ntchito ndipo atipeza mvula ikatha. Mvula inatha katatu. Amayi anawasungira ndime ya munda yomwe sankalola munthu kuikamo khasu, ndipo komboyo, sitima yapamtunda ija, ikangolira kusiteshoni mpeni unkaima m'manja mwawo. Mwana wamkulu wa m'bukumo anam'patsa dzina loti Saidi wa Azungu.

"Lero wanena zobwerera kwawo?" ankandifunsa.

"Sananenebe, amayi."

"Anena. Munthu saiwala pomwe anakwirira mchombo wake."

Nanenso ndinkakhulupirira choncho. Kwathu aliyense amene ndinkamudziwa anali wobwerera, ena ndi mphika pamutu, ena ndi chitseko panjinga. Nkhani ya ulendo ndinkayesa kuti imatha basi anthu akafika pabwinja lawo n'kuyamba kusesa.

Tsiku limene ndinafika tsamba lomaliza ndinatsala kukamwa kuli yasa. Mnyamata uja anali atakula, wamanga nyumba yake kudziko lachilendo, ana ake sakumva chinenero cha agogo awo, ndipo mayi ake okalamba aikidwa m'manda komweko. Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindinakayike n'komwe kuti wina wang'amba masamba. Masiku amenewo pepala linali losowa, ndipo buku lililonse la kusukulu kwathu linalibe mathero chifukwa azibambo ankayambira kumbuyo kung'amba popichirira fodya. Ndinauza amayi kuti kubwerera kwa Ataliyana kunapita ndi utsi, ndipo ndinanyamuka wapansi kupita kwa apulofesolo, mtima uli m'mwamba.

Ndinawapeza akumata chubu cha njinga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza kudandaula, kenako anapukuta manja, n'kundionetsa ulusi wosokera bukulo kuti sunaduke paliponse, ndiponso malo oyera amene anatsala pansi pa mzere wotsiriza.

"Ndiye wolembayu anatopa?" ndinafunsa, misozi ili m'maso.

"Sanatope, Mariamu. Si onse amabwerera," anatero akuseka pang'ono. "Ine kwathu ndi ku Zambezia. Unandionapo ndikumanga katundu?"

Ndinakhumudwa kwambiri, ngati munthu amene wavuula ukonde wolemera n'kupezamo udzu. Milungu yonse ija ndinayenda nawo anthu amenewa, ndinasanza nawo m'chombo, ndinalira nawo, iwo n'kundisiya panjira. Pobwerera ndinakonza bodza labwino ndithu, loti anakwera chombo, anapeza mitengo yawo itakula, ndipo mudzi wonse unaimba nthungululu. Koma nditaona amayi atakhala pomwe ndinawasiya, maso ali panjira, bodza lija linandithawa. Ndinawauza zoona.

Anayamba kutembenuza makaka amene anali atauma kale.

"Kumeneko mnyamatayo akudya?" anafunsa.

"Akudya, amayi. Ali ndi nyumba ndi ana."

"Nanga alipo wakwawo amene anapita kukamuona?"

"Palibe."

"Ndiye cholakwa chili pamenepo," anatero. "Iwe ukuda wolemba, ine ndikuda abale ake."

M'mawa mwake anaitana azakhali, amene anali atangobwerera kumene opanda polima, n'kuwauza kuti alime ndime ija. Sabata yomweyo amayi anachapa nsalu yawo yatsopano, anamanga makaka m'thumba, n'kukwera komboyo kupita ku Malawi. Anabwerako okha, koma akudziwa dzina la mdzukulu wawo, ndipo kuyambira pamenepo ankagona tulo.

Lero zinthu zinasintha. Malire aja anthu amawoloka ndi mawu a pafoni, ndipo ine ndi achimwene, amene imvi zawayamba, timalankhulana Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti. Bukulo sindinalikhululukirebe kwenikweni, ngakhale ine ndemwe ndakhala ku Nampula zaka zambiri, ndikumauza anthu kuti ndabwera kudzagwira ntchito chabe. Chaka chatha ndinatenga mwana wanga wamkazi kupita naye kwathu ku Mecanhelas kukasesa pamanda a amayi. Titagona masiku awiri okha anandikoka nsalu n'kundifunsa m'Chipwitikizi, "Amayi, tibwerera liti kwathu?"