Mtsuko wa Chinjoka cha Buluu

Nkhondo ya Jeremani ili mkati, amuna anga anali khukhi kwa mzungu wina wa pamgodi ku Kitwe. Ine ndinali nditangofika kumene kuchokera kwathu kummawa, Chibemba ndikudziwa "mukwai" yekha, mawu aulemu oyankhira.

Bwanayo atapita kunkhondo, dona analongedza katundu kuti abwerere kwawo. Mtsuko umodzi unakana kulowa m'bokosi, ndiye anaupereka kwa amuna anga. Anabwera nawo kukomboni panjinga, ataukulunga m'bulangete ngati khanda.

"Mayi, uwu ndi wa ku China," anatero. "Dona akuti agogo awo anaugula uli kale wakalekale."

Unali woyera mbee, wosalala ngati dzira, wojambulidwa mitambo ya buluu ndi chinjoka cha miyendo ndi ndevu. Koma ntchito yake? Khosi lake linali lowonda, chikho sichinkalowa. Ndinathiramo munkoyo, chakumwa chonga thobwa, ndipo ndinatha masiku atatu ndikuutsuka ndi kamtengo.

Mwezi wa Maria utafika, amayi a kutchalitchi tinkasowa poika maluwa. Ndinasenza mtsuko wanga monyadira, anthu akundicheukira njira yonse.

Akatekisiti atauona anabwerera m'mbuyo. "Amayi, mwatibweretsera Satana m'nyumba ya Mulungu?"

"Iyayi aphunzitsi, ndi chokongoletsa chabe."

"Chokongoletsa cha zikhadabo?"

Amayi anzanga anagawikana. Ena ankati tiutembenuzire kukhoma, koma chinjokacho chinazungulira mtsuko wonse: ukabisa mutu, mchira unkaonekera. Ine manyazi anandigwira, misozi ili pafupi.

Phokosolo linatulutsa ansembe, mzungu wokalamba wokonda fodya wamphuno. Anaugogoda ndi chala, mtsuko n'kulira ngati belu. Anaupendeketsa, nayang'ana zilembo za kunsi kwake nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, pachifanizo chathu chija, Amayi Maria aponda chiyani?"

"Njoka, bambo mfumu."

"Basi, iyinso ikhale kumapazi kwawo komweko."

Akatekisiti anakanda mutu, kenaka anaunyamula okha n'kukauika pansi pa chifanizocho.

Amuna anga atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye mwapereka chuma chathu chonse kutchalitchi?"

Chilango chimene akatekisiti anandipatsa chinali chakuti maluwa a mumtsukowo akhale ntchito yanga. Loweruka lililonse ndinkapempha maluwa m'mipanda ya kumayadi, ndipo Chibemba ndinachiphunzira momwemo, pocheza ndi anthu olima maluwawo. Pamene tinkasamukira ku Ndola ndinali nditayamba kale kukangana ndi anthu pamsika m'Chibembacho.