Makala Amene Ndinkaviika Kudooko la Amayi

Atate anali okonza mawailesi pamsika wa pa Boma ku Luangwa, ndipo maso awo atayamba kuchita nkhungu, pampando wawo panakhala ine. Poyamba anthu ankaseka, ati mkazi ndi mawaya n'zosayenderana, koma wailesi ikangolira kuseka kunkatha. Zinali zaka za m'ma 1990, chilala chachikulu chija chitangopita. Atate ankakhala pambali pa tebulo n'kumamvetsera ndi khutu chabe, ine manja ali pantchito.

Matenda a mawailesi akwathu anali amodzimodzi, voliyumu. M'kati mwa kopotokola kaja muli kanjira kakuda kopyapyala, ndipo pakanjirapo pamayenda kachitsulo kokhala ngati kalilime. Fumbi la kuchigwa kuno ndi manja a asodzi zinkakapala kanjirako mpaka kutha. Wailesi imayamba kukhosomola, kenako zii. Voliyumu yatsopano inkapezeka ku Lusaka kokha, ndipo ndi msewu umene unalipo masiku amenewo munthu ankatha kudikira miyezi iwiri.

Ndiye kunabwera mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Lusaka, amene tonse tinkangomutchula kuti ba ticha. Anali munthu wa malaya oyera ngakhale mwezi wa Okutobala, pamene ife tonse timayenda titanyowa thukuta mpaka m'mawondo. Anabwera ndi wailesi yake ya kaseti kuti ndiikonze, ndinaikonza, ndipo kuyambira pamenepo anazolowera kukhala pamthunzi wathu akaweruka. Ankakonda kukamba, ndipo ine ndinkakonda kumva, chifukwa ankadziwadi zinthu. Apo sindimunamizira.

Tsiku lina anabwera ndi magazini ya Chingelezi yothothoka masamba, momwe munali chithunzi chonga waya wa khola la nkhuku atamupinda ngati mphasa. Anandiuza kuti akatswiri a ku Japan anatenga timitengo tiwiri ta makala, n'kudutsitsa magetsi amphamvu mpaka moto unalumpha pakati pake, ndipo m'mwaye umene unatsala anapezamo timachubu tating'ono kwambiri toti diso silingaone. Anati timachubu tina timapititsa magetsi bwino ngati waya, tina timachita ngati tiranzisita, kulola magetsi kapena kuwakaniza, moti tsiku lina mawailesi ndi makompyuta adzapangidwa ndi timeneti. Ndinamufunsa ngati makala amenewo si ofanana ndi kamtengo kakuda kamene kamakhala m'kati mwa batire la tochi. Anaseka mpaka kupukuta misozi, nati izi n'za mayiko a anzathu, ife zathu n'kuyanika nsomba.

Kuseka kumeneko kunandikhala pamtima sabata yathunthu. Mabatire akufa kwathu anali mbwee, asodzi ankangowataya m'mphepete mwa madzi. Ndinatola thumba lonse, n'kumawaswa ndi nyundo, n'kuchotsamo timitengo tija. Atate anali atandiuza kalekale kuti zakuda za m'batire zili ndi mchere woipa umene umadya chitsulo, choncho popita kukachapa ndinkatenga makalawo, n'kuwamanga m'kansanza, n'kuwaviika pamadzi osaya kudooko la amayi, nditamangirira pachikhomo. Ankakhala m'madzimo masiku atatu, kenako ndinkawayanika pamwala pamodzi ndi zovala. Sindinkayesa kuti ndi chinsinsi. Kwa ine zinali ngati kuviika mphale, ndipo amayi anzanga ankangondiseka kuti ndayamba kuchapa makala.

Dalaivala wina wa lole ya nsomba anandibwereka mabatire awiri a galimoto masana amodzi. Ndinalumikiza makala awiri, n'kuwayandikitsa m'kati mwa chitini cha mkaka, ndipo moto unalumphadi, woyera mbee, kulira ngati mafuta m'chiwaya. Ndinachita uchitsiru wouyang'ana, moti masiku awiri maso anali ngati athiridwa mchenga. Koma m'chitinimo munatsala mwaye, ndipo kunsonga kwa makala kunali nkhanambo yakuda. Ndinapala zonse, n'kuzipera ndi supuni pambale ya dongo, n'kusakaniza ndi utoto wopaka m'zikhadabo, n'kupaka pakanjira kakutha kaja ndi nthenga ya nkhuku. Ulendo woyamba wailesi inangokuwa osafuna kutsika. Wachiwiri sinalankhule n'komwe. Ndinalimbana nazo pafupifupi mwezi, atate akundiuza ndi khutu lawo kuti apa wachulutsa, apa wachepetsa.

Wailesi yoyamba kuchira inali ya msodzi wina wachikulire wa ku Mphuka, mnzawo wa atate kuyambira ubwana, amene ankabwera pa Boma ndi bwato lake. Atapotokola n'kumva mawu akukwera pang'onopang'ono popanda kukhosomola, anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, ndipo ulendo wotsatira anandibweretsera nsomba zouma za pende ndi kathumba ka masawu. Timachubu tija sindinationepo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati m'mwaye wangawo munali ngakhale kamodzi. Chimene ndidziwa n'chakuti mawailesi ankalankhula.

Ba ticha anasiya kuseka. Anayamba kubwera ndi kope, kulemba chilichonse chimene ndinkachita patebulo, kutalika kwa makala, kuchuluka kwa utoto, nthawi youmitsa. Ankati akundilembera kuti dziko lindidziwe. Chionetsero cha zaulimi cha m'boma lathu chitayandikira, anandiuza kuti gawo la amayi n'la zophika ndi zosoka, choncho ndi bwino mankhwala anga opaka m'voliyumu aja akaikidwe patebulo la sayansi, iye akandilankhulire. Ine chitsiru ndinamupatsa kabotolo kodzaza ndi mawailesi awiri okonzedwa, ndipo ndinamuthokozanso.

Tsiku la chionetsero ndinavala chitenje chatsopano. Nditafika patebulopo ndinapeza chikwangwani chachikulu, chithunzi cha timachubu chija atachijambula bwinobwino, ndipo pansi pake dzina lake lokha. Akuluakulu a pa Boma anali atamuzungulira, iye akuwathira Chingelezi. Mmodzi wa iwo anandiona nditaima chapafupi, nafunsa kuti mayiyu ndani.

"Uyu amatithandiza kupukuta fumbi m'mawailesi," anatero ba ticha, osandiyang'ana.

Uyu! Ngakhale kunena kuti awa kunamukanika. Ndinamva magazi akuwira mpaka m'makutu, koma ndinangotembenuka n'kubwerera kumsika ndi chitenje changa chatsopanocho. Ba ticha anapatsidwa setifiketi. Sabata isanathe anthu anayamba kudutsa patebulo lathu mawailesi ali m'khwapa, kupita kunyumba za aphunzitsi kukafuna mankhwala a ba ticha. Ena ankanena poyera kuti mkazi wa pamsika uja anaba nzeru kwa mphunzitsi. Ine amene maso anandipsa, ine amene zala zinada mwezi wathunthu, ndinasanduka mbala pantchito yanga yomwe.

Atate ankati ndizisiye, Mulungu amaona. Ine sindinkafuna kuti Mulungu aone yekha, ndinkafuna msika wonse uone. Ndinaganiza zokamulalatira mphunzitsiyo pakhomo pake, ndinaganizanso zokaswa mawindo ake, koma ndani akanakhulupirira mkazi wosatha sukulu pamaso pa munthu wa setifiketi? Ndiye tsiku lina kudooko, mayi wina woyandikana naye nyumba akudandaula za utsi, anati mphunzitsiyo amaswa mabatire m'mawa n'kuwotcha masana omwewo. Ndinasiya kuchapa n'kumufunsanso kuti wati bwanji. Anabwereza. Apo m'pamene ndinazindikira kuti m'kope lake lija munalibe zoviika. Analemba zonse zimene anaona patebulo, koma kudooko la amayi mwamuna safikako, ndipo iye sanaganizepo kuti kumene akazi amachapa kungakhale sayansi.

Mtima wanga unakhala pansi tsiku lomwelo. Unali mwezi wa Ogasiti, kunja kuli gwaa, ndipo mchere wa m'batire ukauma umagona. Umadzuka mvula ikagwa, mpweya ukanyowa. Ndinawerenga miyezi ndi zala, ndipo ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinachita zoposa kudekha. Ndinatenga thumba langa la mabatire akufa n'kukamupatsa mphunzitsiyo ndekha, nditagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kumuuza kuti ine ndasiya, ntchitoyi ndi ya anthu ophunzira. Anandiyamikira kuti ndine mkazi womvetsa zinthu. Ndinabwerera ndikumwetulira njira yonse, ndipo sindibisa, zinkandikoma.

M'mwezi wa Okutobala msodzi wachikulire wa ku Mphuka uja anaima patebulo lathu atanyamula wailesi ina, yaikulu, imene mwana wake anamutumizira kuchokera ku Lusaka, nayonso itayamba kukhosomola. Anachita manyazi, nati mkamwini wake waumirira kuti akaipereke kwa mphunzitsi, poti ndiye mwini mankhwala. Anandipepesa. Mawu anali pakamwa panga, awiri chabe, oti musapite nayo. Ndinawameza, n'kumuuza kuti ayende bwino.

Mvula inayamba, ndipo Khirisimasi isanafike mawailesi anayamba kufa. Sikunali kukhosomola kwakale kuja. Mchere unadya kachitsulo ka voliyumu, n'kutsika ndi miyendo yake, n'kufalikira m'mawaya, moti ukatsegula umapeza zobiriwira zokhazokha ngati ndere. Ena ankatheka kukonza, ena ayi. Asodzi a ku Mphuka ndi a m'mbali mwa Luangwa anakwera kunyumba za aphunzitsi atanyamula mitembo ya mawailesi awo, ndipo pakati pawo panalinso ya mkulu wina wa pa Boma, mmodzi wa amene anaomba m'manja pachionetsero paja. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ba ticha anabwera tsiku la msika, m'mawa, malaya oyera aja atamata kumsana, gulu la anthu likumutsatira chapatali. Anawerama patebulo n'kulankhula motsitsa. Tsopano ndinali amayi, ndinali mlongo wake, ndinali katswiri. Anati tigwirizane, ndimuuze chimene chalakwika, tikonze limodzi mwakachetechete, ndipo chaka chamawa dzina langa lidzalembedwa. Ndinamusiya akambe mpaka malovu atamuthera, ine ndikupukuta tebulo.

"Ba ticha, imirirani bwino, mutembenukire kwa anthuwo," ndinatero. "Muwauze amene anapanga mankhwalawa. M'Chinyanja, Chingelezi muchisunge."

Anayang'ana atate ngati angamupulumutse, koma atate anali atazolika mutu. Ba ticha anatembenuka. Ananena kuti nzeru ya timachubu anaiwerenga m'magazini, koma wowotcha makala, wosakaniza, wopeza muyezo, anali ine, ndipo iye anangokopera. Ndinamuuza kuti kumbuyo sakumva, abwereze, ndipo anabwereza. Ndinali nditadikira mawu amenewo miyezi isanu, ndipo anakoma monga mmene ndinkaganizira, mwinanso kuposa. Kenako ndinaimirira n'kunena chinsinsi chija mokweza, kuti makala amayamba aviikidwa masiku atatu kuti mchere uchoke. Amayi ogulitsa nsomba anafa nako kuseka, wina mpaka kukhala pansi, ati kodi zonsezi n'kuchapa makala kuja? Ba ticha anachoka osatsanzika.

Kuseka kukutha, msodzi wachikulire uja anasendera kutsogolo, wailesi yaikulu ija ili m'manja. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga, tsiku lija ndinaima pano ndi wailesi iyi, unkadziwa kuti ikafa?"

Ndikanatha kunama, ndipo iye akanakhulupirira chifukwa ankafuna kukhulupirira. Koma ndinali nditangomaliza kukakamiza munthu kunena zoona pamaso pa anthu.

"Ndinkadziwa, atate," ndinatero.

Msodziyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinatambasula manja kuti ndilandire wailesiyo, n'kumuuza kuti ndiyesetsa mpaka ilire, koma iye anaikulunga m'nsalu yake n'kutsetserekera kubwato. Atate anga sanandilankhule mpaka tsiku lotsatira.

Ba ticha anapempha kusamutsidwa chaka chisanathe, ndipo palibe anamuperekeza. Mawailesi anabwerera patebulo langa, ndinakonza amene ankatheka, ndipo kuyambira pamenepo palibe ananenanso kuti mankhwala aja ndi a munthu wina. Dzina langa ndinalilandira lonse, pakuti amene ankati uyo ndiye anapanga mankhwala a voliyumu ankawonjezera kuti ndi yemwenso anaonerera mawailesi a asodzi akuwola iye ali phee. Msodzi wachikulire uja ankabwerabe pa Boma, ankapereka moni kwa atate, ine n'kundidutsa ngati chitsa, ndipo anamwalira asanandilankhulenso. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Koma mukandibwezera pa Okutobala uja, iye ataima patebulo ndi wailesi yake, n'kundifunsa ngati ndingamuchenjeze, ndikhala ndikunama ndikati inde.