Ndinabisa Mafuta a Amayi M'mabotolo Akunja

Inu owerenga, ndine mtsikana wa Giredi 11 ku Jumbe, ndipo nzeru zanga za m'kalasi zinatsala pang'ono kuwagulitsitsa amayi makina awo.

Amayi amayenga mafuta a mpendadzuwa ndi makina ofinya ndi manja. Boma litachotsa msonkho pa mafuta ophikira ochokera kunja, maminibasi a ku Chipata anayamba kutsitsa mafuta otchipa, oyera mbee. Athu achikasuwa ankangowotha dzuwa patebulo kumsewu. Amalume anapeza wofuna kugula makinawo, ndipo amayi anati mwezi ukatha awapereka.

Poti tinaphunzira kuti wogula amakopeka ndi maonekedwe, ndinatola mabotolo akunja otha, n'kuwatsuka, n'kuthiramo mafuta athu, mapepala a maina ake akunja ali pomwepo. Amayi anakana, ine ndinaumirira.

Loweruka lina panaima galimoto ya kampu ya alendo. Anatsika bambo wina amene amaphika kumeneko, nafunsa komwe amayenga mafuta, poti alendo ake amafuna zolimidwa m'chigwa muno. Ataona mabotolo athu anati, "Mwana wanga, awa ndingagule paliponse." Ndinalumbira kuti ndi athu. Anaseka, akuti kumsewu aliyense amalumbira, n'kupita.

Amayi sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa.

Ndinaviika mabotolo m'madzi mpaka mapepala onse anamatuka. Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi ya ku Mfuwe, komwe kuli kampu ija, nditanyamula botolo limodzi. Mlonda anandiimitsa pageti, koma sindinachoke mpaka bambo aja anatuluka. Analawa, komabe ankakayika. Ndinawapempha kuti akaone okha kwathu.

Anabweradi! Anakoka okha chitsulo cha makina, mafuta n'kuyamba kutsika, ena n'kuwadonthera pansapato. Atamva zoti makinawo akugulitsidwa anati, "Amayi, musagulitse ichi." Lero amatenga mafuta sabata iliyonse, ndipo kampu ina yayamba kufunsa. Amalume omwe ankafunafuna wogula aja ndi amene akufinya m'mawa ine ndili kusukulu.

Mafuta akunja akadali pamsewu, akutchipabe, ndipo ambiri akugula omwewo. Ndikulakalaka boma litamaganizirako oyenga ang'onoang'ono ngati amayi lisanatsegule malire. Koma inu anzanga, chimene makolo anu apanga ndi manja awo musachiveke dzina la eni. Wina akuchifunafuna momwe chililimo, ndipo akhoza kukudutsani mutachigwira m'manja.