Mma Sanatu a Pasiteji ya Basi

Khosi la Mma Sanatu ndi lopendekera kumanzere. Ana a kuno ku Kumbungu amati akumvetsera miseche ya nyerere, koma ife amene tinakula nawo tikudziwa kuti linapindika ndi beseni. Ali mtsikana, chaka chimene mapira anapsa ndi dzuwa, anasiya sukulu n'kukwera lole yopita ku mzinda wa Kumasi kukasenza katundu wa anthu mumsika. Anabwerako atakula kale, osatha kulemba ngakhale dzina lawo, n'kuyamba kukazinga kulikuli, timakeke ta mtedza wosinja, pasiteji ya basi.

Bungwe la amayi a ku Tamale litabwera ndi mayunifolomu, nsapato ndi chimanga chothandizira mabanja osauka, linafuna munthu woti azilondola atsikana amene asiya kuoneka m'kalasi. Mma Sanatu anaimirira pamsonkhanopo, manja ali noninoni ndi mafuta.

"Musavutike kufunafuna. Ana amenewa amakwerera basi pamphuno panga."

Ntchito anaigwiradi. Mtsikana akafika pasiteji ndi kachikwama, maso ali pansi, iwo ankamupatsa kulikuli wotentha n'kumukhazika pabenchi. Basi inkanyamuka iwo akadacheza naye.

Koma Tipagya, mwana wa alamu awo a Napari, anawapulumuka tsiku limene iwo anali kumaliro. Atamva, anapita kunyumba kwa a Napari asanasinthe n'komwe nsalu.

"Alamu, mwana ali kuti?"

"Wapita kukathandiza azakhali ake."

"Azakhali a ku Kumasi? Ndimawadziwa bwino. Taonani mphatso imene anandipatsa ine." Analoza khosi lawo.

A Napari anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Munda wawo wa zilazi unali utakokoloka ndi madzi.

"Mma, sukulu sitidya. M'nkhokwemu ngakhale makoswe akulongedza katundu."

"Chimanga chifika, a bungwe andiuza. Inu mungonena kuti mwana abwere, ndikamuuze kuti mawuwo ndi a bambo ake."

"Abwere," anatero a Napari.

Ku Kumasi Mma Sanatu sanafunse njira. Anampeza Tipagya dzuwa lili paliwombo, atasenza beseni lodzaza zilazi, akutsatira mayi wina wogula. Mtsikanayo anamva uthenga wa bambo ake, koma anapukusa mutu.

"Sindibwerera, Mma. Anzanga azikandiseka kuti ndikununkha msika."

Mma Sanatu sanatsutsane naye. Anapinda nsalu yawo n'kupanga nkhata, n'kulanda beseni lija.

"Chabwino. Ngati ntchitoyi ndi yabwino, tigwire limodzi. Nditwike."

Anayenda nalo pang'onopang'ono, mawondo akulira. Atsikana ena osenza katundu anayamba kukuwa: "Agogo abwerera ku ntchito!" Iwo ankawayankha ndi chipongwe chakalekale cha mumsikamo, msika wonse n'kumafa ndi phwete. Atatula, anafuula kuitana wogula wina. Dzuwa lisanapendeke, Tipagya anagwira beseni ndi manja awiri, misozi ili mbwembwembwe.

"Mma, basi! Mugwa. Tiyeni kwathu, mukundichititsa manyazi."

"Manyazi ake omwewo unyamule, tikawatule kusukulu."

Anabwera naye, pamodzi ndi atsikana ena awiri a ku Tolon, kufupi ndi kwathu kuno, amene anangowatsatira okha mpaka pabasi. Si onse amene amabwera. Ena amakana, ndipo wina Mma Sanatu anamufunafuna osamupeza. Koma Tipagya pano ali ku sekondale ku Tamale, ndipo akabwera patchuthi amatsutsana ndi bambo ake pa chilichonse, kuyambira ndale mpaka kadzalidwe ka zilazi.

Masiku ano madalaivala akaona mtsikana wachilendo akukwera yekha, amaliza hutala kuti Mma Sanatu atembenuke. Komabe salephera kuwaputa.

"Mma, mukutiphera bizinesi!" anatero Wumbei, dalaivala wa basi yobiriwira, Lachisanu lapitali.

"Uzinyamula mbuzi, iwe," anamuyankha osasiya kutembenuza kulikuli m'mafuta. "Zilibe mayeso."