Tebulo la amayi a landilodi

Amayi a landilodi anamwalira Lachiwiri, ndipo intavyu yanga inali Lachinayi, 2 koloko masana. Atalengeza kuti mwambo woona nkhope udzayambanso nthawi yomweyo, ndinangoti kakasi.

Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba yawo ku Chilomoni. Ndinali nditatha zaka ziwiri pa ulova, ndikulemba mapulogalamu a pakompyuta amene panalibe wowafuna. Kenako kampani ina yaikulu ya kunja inandiyankha. Ndinapambana maintavyu atatu a pa intaneti, ndipo iyi inali yomaliza. Anali atandisinthira kale tsiku kamodzi chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ndipo imelo yawo inanena mosapsatira kuti sadzasinthanso.

Tebulo limene ndinkagwirirapo ntchito linali la malemuwo. Tsiku lina anandipeza nditakhala pamkeka, laputopu ili pa ndowa yovundikira. "Iwe, msanawo ukapindika ana udzawaberekera pati?" Tsiku lomwelo anandipatsa tebulo lawo lodyera. Ntchito yangayo sankaimvetsa, ankangoti "zodinadina zakozo", koma magetsi akangoyaka ankagogoda pazenera kuti ndiyambepo.

Ndinayesetsa, inu. Lachitatu lonse ndinatunga madzi, ndinatsuka mbale, ndinadula kabichi mpaka zala kuchita matuza, kuti anthu aone kuti ndinalipo. Koma Lachinayi nthawi itayandikira ndinazemba. Mayi wina wapakamwa, wa chipinda choyandikana ndi changa, anandiona.

"Asisi, mukuloweranji m'nyumba?"

"Mutu," ndinanama.

Ndinatseka chitseko. Kutseka chitseko pamaliro, maliro ake a pakhomo pomwe ukukhala! Kwathu kuno zoterozo anthu amasunga mumtima, tsiku lako likadzafika adzakusiya ulire wekha. Ndinavala bulauzi yoyera, kumunsi chitenje chonunkha utsi, n'kuyatsa kamera.

Wondifunsayo anali bambo wamagalasi, wosaseka. Anandipatsa funso: ndilembe pulogalamu yopeza njira yachidule pakati pa masiteji a basi. Anandipatsa mphindi 45, ndipo chilembo chilichonse chimene ndinkalemba ankachiona. Ndili mkati, amayi a mpingo anayamba nyimbo kuseri kwa khoma, nyimbo imene malemuwo ankakonda kuimba akamasesa. Bamboyo anandifunsa ngati ndayatsa wailesi. Ndinati ndi aneba. Mpaka lero mawu amenewo amandichititsa manyazi.

Ndinayesa pulogalamuyo, inakana. Ndinayesanso, inakananso. Basi kunamveka kugogoda.

Ndinakhala ngati sindinamve. Kugogoda kunapitirira, kenako mawu, osati a mayi wapakamwa uja, koma a bambo a landilodi eniake.

"Mwanangu, tsegula. Tikufuna tebulo lija tiikepo bokosi."

Mayo ine! Ndinapempha wamagalasi uja kuti andidikire pang'ono, n'kutsegula. Anali ataima ndi amuna awiri, maso ali psuu, jekete ikuwakhwepa ngati yobwereka. Anayang'ana bulauzi yangayo, n'kuyang'ana nkhope ya mlendo pa laputopu. Ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo kukanakhala bwino akanandikalipira.

"Ndi ntchito ija ankanena amayi ako?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Malizitsa."

Ndinanyamula laputopu, amuna aja n'kutulutsa tebulo. Ndinavundikira ndowa ija, ndinaikapo laputopu, n'kugwada pansi. Apo ndiye ndinamuuza wamagalasi uja zoona, kuti si wailesi, ndi maliro a mayi amene ankandisunga, ndipo tebulo apita nalo kukaikapo bokosi. Anavula magalasi. Anati ndikhoza kulekera pomwepo ndipo akandipemphera tsiku lina, koma sangalonjeze kuti akulu ake akavomera.

Panatsala mphindi 18. Panja wina ankaitana kuti ayambe amayi kuona nkhope, abambo pambuyo. Pakati pa chitseko changa ndi bokosilo panali mapazi khumi okha. Ndinayang'ana chitsekocho, ndinayang'ana pulogalamu yokanayo, ndipo pomwepo ndinaona pamene ndinalakwitsa. Ndinati tipitirize. Palibe anandikakamiza, ndinasankha ndekha.

Pulogalamuyo inayenda patatsala mphindi ziwiri. Ndinasintha bulauzi, n'kuthamangira panja, koma malole anali atanyamuka kale. Pabwalo panangotsala agogo awiri olephera kukwera lole, ndi tebulo lija, atayalapo nsalu yoyera.

Aneba anandinena mwezi wathunthu, ndipo sindinawayankhe, chifukwa sankanama. Ntchito ndinaipeza. Nditakawauza bambo a landilodi, sananene zambiri. Anaitana amuna awiri kuti abwezere tebulo kuchipinda kwanga, amvekere, "Mwini wake anati ndi lako."

Ndasamuka kawiri chichokereni ku Chilomoni, ndipo tebulolo ndimayenda nalo. M'mawa uliwonse ndimaikapo laputopu, pamalo pomwe panagona mutu wawo. Nkhope yawo sindinaione.