Kamtsikana Kamapiko pa Mkono wa Baltazar

Baltazar Muchanga ali ndi zaka 47. Ndi dalaivala wa chapa, minibasi ya pakati pa Munhava ndi Maquinino. Ali pa ukwati wachitatu ndipo ana ali nawo asanu. Ine ndimadinda zithunzi pakhungu la anthu kuno ku Beira. Ntchitoyi ndinaiyambira padoko, ndikudinda anangula pa mikono ya amalinyero. Mwa anthu onse amene ndawabaya ndi singano yanga, palibe amene wanditayitsa nthawi ngati Baltazar.

Mkono wake wamanja ndi umene umakhala panja pa windo tsiku lonse, choncho mzinda wonse umaudziwa. Mwana wake woyamba atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, Baltazar anabwera kwa ine nayala mkonowo pathebulo.

"Madala, mkono uwu ndi wa ana anga. Aliyense akafika msinkhu uwu azisankha chithunzi chake, mpaka udzaze kuchokera paphewa kufika padzanja."

Ndinamuuza kuti mwana posankha saganizira bambo ake. Anaseka.

Ana anayi oyamba anali aamuna, ndipo zinamukomera. Edmilson anasankha mkango. Nélio anasankha sitima yapamadzi. Mapasa aja, wina shaki, wina mpira woyaka moto. Malo amene anatsala anali amodzi, pakati pa chigongono ndi dzanja, mbali yakunja, poonekera kwambiri.

Wachisanu ndi Ivete, mwana wa mkazi wachiwiri, Dona Celestina. Ukwatiwo unatha, mwanayo amakhala ndi amayi ake ku Manga, ndipo bambo ake amawaona Loweruka loyamba la mwezi basi. Tsiku lake litakwana Baltazar anabwera naye. Mwanayo anatulutsa chikuto cha kope chopindidwa kanayi. Panali kamtsikana ka m'makatuni, kamapiko ngati a tombolombo, kovala siketi ya masamba, kali ndi kandodo ka nyenyezi m'manja. Ana a kuno amakatcha fada.

Baltazar anayang'ana pepalalo, kenako anayang'ana ine.

"Ivete, mayi wanga, taona buku la Madala ili. Muli ziwombankhanga, muli akambuku."

"Papa, munati ndisankhe ndekha."

"Ndinatero, koma..."

"Ndasankha."

Pa ntchito yathu sitiyamba ndi singano. Timamata kaye pepala la kaboni pakhungu, ndipo limasiya mizere yapepo yoti singano izitsata. Mizereyo imakhala masiku awiri kapena atatu, kenako imachoka ndi sopo. Ndinamata, ndinamatula. Kamtsikana kanaoneka bwinobwino. Ivete anaomba m'manja, nakapsompsona. Iye ankayesa kuti ntchito yatha.

Baltazar anazindikira zimenezo ine ndisanazindikire. Ndikutembenuka kuti nditenge makina, iye anali ataimirira kale.

"Zikomo Madala, mwagwira ntchito. Tiye Ivete, tikagule ayisikilimu."

Lolemba anali pawindo la chapa, malo aja ali mbee.

Lachisanu loti mawa lake ndi Loweruka loyamba la mwezi anatulukira atavala malaya a mikono italiitali, dzuwa likuswa mtengo.

"Madala, mizere yokha. Mawa mwana akubwera."

"Iwe, pano si pojambulira ana a sukulu. Khala pansi ndibaye, maola atatu tathana."

"Simukuwadziwa anyamata a pa siteji inu. Munthu wa makilo zana, ndevu zonsezi, n'kumayenda ndi kachidole pamkono? Andidya wamoyo."

"Shaki uja anakufunsa za pa siteji?"

"Shaki ndi shaki, Madala. Mwezi wamawa tibaya, ndalumbira."

Ndinamata. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndipo ndinakubwereza kanayi. Mwezi uliwonse ankabwera ndi nzeru yatsopano. Kodi sitingakachepetse kakhale ngati ndalama yachitsulo? Kodi sitingakabise kukhwapa? Kodi mapikowo sangakhale a chiwombankhanga? Tsiku lina anandifunsa, nkhope ili gwa, ngati ndingakaike minofu ndi lupanga. Ndinamuuza kuti ndadindapo mayina a akazi olakwika pa zifuwa za amuna oledzera, koma zopusa ngati zimenezi sindinazimvepo. Pepala la mwana lija linali mu dirowa yanga nthawi yonseyi, likuyamba kuthetheka m'mopinda.

Chimene anaiwala n'chakuti mkono wake ndi chikwangwani. Lachitatu lina Dona Celestina anabwera ndi mwanayo m'tauni kudzagula nsapato. Ataima m'mbali mwa msewu, chapa ya Baltazar inadutsa pang'onopang'ono, mkono uli panja. Mkango unalipo, sitima, shaki, mpira. Pamalo pa Ivete panalibe kanthu. Mwanayo anaona.

Loweruka lotsatira bambo ake anakamutenga, kamtsikana katabwerera pamalo pake. Ivete anagwira mkonowo, ananyambita chala, anapukuta. Mutu wa kamtsikana unachoka. Anapukutanso, phiko linachoka. Anaonetsa bambo ake chala chapepocho, natembenuka kulowa m'nyumba. Sanalire. Anangouza amayi ake kuti awauze bambowo asamavutike kubwera.

Loweruka loyamba la mwezi linadutsa kawiri. Baltazar ankaima pageti ku Manga ndi kajumbo ka maswiti, mwana osatuluka. Anyamata ake anayi aja, akuluakulu tsopano, anamva nkhaniyi ndipo nawonso anamunyoza. Edmilson akuti anamufunsa ngati mkango wake nawo umachoka ndi malovu.

Kenako anabwera kwa ine mmawa pakati pa sabata, chapa atasiyira mnzake.

"Madala, bayani. Lero lomwe."

"Ayi."

"Mwati chiyani? Miyezi yonseyi mwakhala mukundikakamiza!"

"Ndikakubaya uli wekha, akhulupirira ndani? Adzati ndi inki ina yolimba. Katenge mwini wake aone ndi maso."

"Safuna n'kundiona komwe."

"Limenelo si vuto la singano yanga."

Zinamutengera milungu itatu. Amene anathandiza ndi Dona Celestina, osati chifukwa cha chifundo. Analowa m'shopu mwanga akukoka mwanayo padzanja, nati, "Madala, ndabwera kudzaona bodza la bambo awa likutuluka magazi. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkalidikira tsiku limeneli."

"Celestina, pali mwana apa."

"Mwanayo ndi amene wakugwira, bambo a shaki iwe."

Ivete anakhala pampando wapakona, manja atapinda pachifuwa. Ndinatulutsa pepala lake. Analiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndi lomwe lija, nagwedeza mutu. Ndinamata, ndinamatula, ndinayatsa makina. Sindinachepetse kanthu. Siketi ya masamba, mapiko onse anayi, kandodo ndi nyenyezi yake. Mitundu yowala ya papepala siioneka pakhungu lakuda ngati lake, choncho ndinakonza mizere yakuda yonenepa, yooneka munthu ali tsidya lina la msewu. Baltazar anaona zimenezo, koma mkono sanausunthe.

Pafupi ndi fupa la padzanja pamawawa. Anayamba kutuluka thukuta ndi kuluma mlomo. Mwanayo anatsika pampando, nabwera kudzaima pafupi, akuyang'ana thonje lofiira m'manja mwanga.

"Papa, zikuwawa?"

"Kwambiri, mayi wanga."

"Chabwino," anatero, nabwerera pampando.

Ndinawauza za masiku onse: osakanda, osalowa m'nyanja, osaika padzuwa milungu itatu. Zapadzuwazo sanamvere. Tsiku lachinayi mkono unali kale pawindo, ndipo anabwera kudzadandaula kuti watupa. Ndinamuthamangitsa.

Chilonda chitapola, Ivete anayesanso ndi chala ndi malovu, kenako ndi sopo wochapira. Izi anandiuza ndi Baltazar mwini, akuseka ngati wapata mphoto.

Pa siteji ya Maquinino palibenso amene amamutchula Baltazar. Makondakitala amakuwa kuti, "Ya Fada iyo, yatsala anthu awiri!" Ivete amabwera Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Mkono wamanja unadzaza. Wamanzere ulibe kanthu, ndipo mkazi wake wachitatu ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.